Chifukwa Chiyani Abambo Akudzipha Ambiri Kuposa Amayi?

Lero ndabwera ndi nkhani yolemera. Ndi nkhani imene pamaliro timainong'onezana, kunyumba timaibisa kwa ana, kutchalitchi timangoilambalala. Nkhani ya kudzipha. Ndikufuna tiione mbali imodzi imene ambiri sitiiganizira. Zimene zimafikitsa mwamuna pamenepo ndi zimene zimafikitsa mkazi pamenepo sizifanana kwenikweni. Mukadziwa kusiyana kwake, mudziwa poyang'ana m'nyumba mwanu momwemo.

Ndisanapite patali ndinene ichi. Ngati inu amene mukundimva muli ndi maganizo ofuna kuchotsa moyo wanu, chonde musatseke wailesi. Khalani nane mpaka kumapeto. Ndili nanu mawu.

Ziwerengero zikuti bwanji

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amafa podzipha. M'chaka cha 2019, mwa amuna 100,000 aliwonse padziko lapansi, amene anadzipha anali pafupifupi 13, pamene mwa akazi 100,000 anali pafupifupi 5. Ndiye kuti amuna anaposa akazi kawiri ndi kupitirira. Enafe timati awa ndi mavuto a azungu. Ayi ndithu. M'chaka chomwecho, mwa zigawo zonse za WHO, chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo, anthu 11 mwa 100,000 aliwonse, pamene dziko lonse lapansi linali pa 9.

Kuno kwathu ku Malawi, apolisi ananena kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 chiwerengero cha anthu odzipha chinakwera ndi 57 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo m'chaka cha 2019. Ndipo mwa anthu 10 aliwonse amene anafa, 9 anali amuna. Mwamva kodi? Asanu ndi anayi mwa khumi. Awa ndi azibambo athu, amalume athu, anyamata akabaza amene amatinyamula tsiku ndi tsiku.

Tsono apa ndi pamene pali chodabwitsa. Ukawerenga anthu amene amayesa kudzipha koma n'kupulumuka, ukawerenga amene amavomera kuti maganizo amenewa amawabwerera, m'mayiko ambiri akazi ndiwo amachuluka. Oyesa ambiri ndi akazi, akufa ambiri ndi amuna. Akatswiri awiri, Silvia Canetto ndi Isaac Sakinofsky, analemba za chodabwitsa chimenechi mu 1998, ndipo mpaka lero ophunzira za maganizo a munthu akuchifufuzabe. Choncho pasakhale wina wonena kuti vutoli ndi la abambo okha, amayi ali bwino. Ululu uli mbali zonse ziwiri. Chosiyana ndi njira imene ululuwo umadzera, ndi mmene umaonekera kunja.

Mbali ya abambo: mwamuna salira

Tiyambe ndi mawu amene mwana wamwamuna aliyense anakula akuwamva. Wagwa, bondo lachubuka, akuti alire, wamkulu akuti, "Khala chete iwe, mwamuna salira." Ali ndi zaka zisanu, waphunzira kale kuti misozi yake ndi chamanyazi. Akafika zaka makumi anayi, bizinesi yagwa, akuluza nyumba, phunziro lija likadali m'mutu. Samuuza mkazi wake. Samuuza mbale wake. Anzake akamufunsa kuti zikuyenda bwanji, yankho ndi lomwe lija: "Zili bho, tikulimbana nazo."

Taonani mmene amayi amakhalira. Amakumana pamjigo, kuchigayo, kusikelo ya ana, kubanki m'khonde, kumsonkhano wa amayi pakati pa sabata. Kumeneko amakhuthulirana zakukhosi. Wina akalira, mnzake amamugwira paphewa. Nanga abambo? Amakumana pabawo, pampira, pamowa. Akhoza kukhala limodzi maola anayi akukambirana za ndale ndi za timu yawo, osatchula ngakhale liwu limodzi la zimene zikuwadya mumtima. Bambo akhoza kukhala ndi anzake makumi awiri koma wopanda ndi mmodzi yemwe womuuza kuti, "Achimwene, ine zandikulira."

Kuchipatala ndi chimodzimodzi. Mayi amapitako kawirikawiri, pa mimba, pa katemera wa mwana, pa kulera. Namwino amamuona nkhope, mwina n'kumufunsa kuti bwanji lero mwaoneka ofooka. Bambo amapita kuchipatala atachita kunyamulidwa. Ndiye matenda a maganizo amene madokotala amawatcha depression, kukhumudwa kwakukulu kumene kumakhala masabata ndi miyezi osachoka, mwa abambo nthawi zambiri sapezeka msanga. Komanso mwa abambo ambiri matendawa sabwera ndi misozi. Amabwera ndi ukali. Munthu amene anali wofatsa wayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono. Wayamba kumwa kwambiri. Akuthamangitsa njinga yamoto ngati moyo alibe nawo ntchito. Sakugona, sakudya. Ife timati wasintha khalidwe, wayamba mwano, kapena wapeza chibwenzi. Sitiganiza kuti mwina munthuyu akudwala.

Chachiwiri ndi ndalama. Mwamuna kwathu kuno amayesedwa ndi thumba lake. Ndiwo zikasowa, maso onse ali pa iye. Fizi ikasowa, ali pa iye. Maliro akagwa kumudzi, foni imalira kwa iye. Ndiye zinthu zikavuta, bambo samangoona kuti ndalama zasowa. Amaona ngati umuna wake watha, ulemu wake watha. Kumbukirani mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya feteleza, sopo, mafuta ophikira, zonse zinakwera, malipiro ali pomwepo. Taganizirani mlimi wa fodya amene anatenga zipangizo pangongole, mvula yavuta, kumsika mtengo wagwa, akadula ngongole palibe chotsala. Taganizirani mnyamata amene wakongola katapila K100,000, mwezi ukatha mwini ndalama akufuna K150,000, ndipo wayamba kubwera pakhomo kudzakuwa anthu akuona. Onjezani kubetcha kwa pafoni kumene kwalowa m'midzi ndi m'matauni, munthu akuluza ndalama ya lendi usiku umodzi, n'kukongolanso kuti abweze yoluzayo. Onjezani m'bale wathu amene anapita ku Joni, kumudzi akudikira kuti amange nyumba ya malata, iye ntchito yatha, mapepala alibe, kubwerera chimanjamanja akuopa kusekedwa. Chimene chimapha pa zonsezi ndi manyazi. Ngongole imabwezeka. Manyazi a munthu amene akuganiza kuti walephera monga mwamuna ndiwo amamutsekera m'chipinda yekha.

Nkhani ya manyazi a amuna si ya lero. Mukawerenga Baibulo mupeza kuti anthu amene akutchulidwa kuti anathetsa moyo wawo ndi amuna okhaokha: Abimeleki, Samisoni, Sauli ndi wonyamula zida zake, Ahitofeli, Zimiri, Yudasi. Abimeleki, m'buku la Oweruza, anasankha kufa msanga poopa kuti anthu adzanena kuti anaphedwa ndi mkazi. Ahitofeli anali mlangizi wolemekezeka, uphungu wake utakanidwa anabwerera kwawo, nakonza za pakhomo pake, kenako n'kuchotsa moyo wake. Sungani mfundo imeneyo ya kukonza za pakhomo, tiibwereranso.

Chachitatu ndi kutha kwa banja. Katswiri wa ku France, Émile Durkheim, analemba buku lofufuza za kudzipha mu 1897, ndipo anapeza kuti ukwati umateteza mwamuna kwambiri kuposa mmene umatetezera mkazi. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri pambuyo pake wapezanso kuti banja likatha, chiopsezo chimakwera kwambiri kwa mwamuna. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kwa abambo ambiri, mkazi wawo ndiye munthu yekhayo amene amawadziwa mkati. Iye akachoka, palibenso wina. Mayi banja likatha amatsala ndi ana, ndi achemwali ake, ndi anzake a kumpingo. Bambo nthawi zambiri amatsala yekha. Kumadera a chikamwini zimawawa koposa. Munthu wamanga nyumba, wadzala mitengo, walima zaka khumi ndi zisanu kwa eni ake, tsiku limodzi akuuzidwa kuti anyamule bulangete lake azipita. Wataya mkazi, ana, nyumba ndi munda nthawi imodzi. Masabata oyamba a munthu wotere ndi oopsa kwambiri, ndipo ankhoswe musamati mlandu tagamula, ntchito yatha. Muyendereni.

Chachinayi ndi mowa ndi chamba. Padziko lonse amuna amamwa mowa kwambiri kuposa akazi. Mowa umachita zinthu ziwiri. Ukamwedwa nthawi yaitali umakulitsa kukhumudwa, umadya ndalama, umaswa banja. Ndipo pa tsiku la tsokalo umachotsa mabuleki. Maganizo amene munthu akanalimbana nawo ali bwinobwino mpaka kucha, akaledzera amawachita nthawi yomweyo. Kachasu sachotsa mavuto, abale anga. Amachotsa mphamvu yodikira kuti kuche.

Chachisanu, chimene chimafotokoza kwambiri chodabwitsa chija, n'chakuti amuna akafika poyesa amakonda kugwiritsa njira zoopsa kwambiri, zosapereka mpata woti wina awapulumutse, ndipo amachita mobisa, osachenjeza. Sinditchula njirazo pano, palibe chifukwa. Chofunika kudziwa n'chakuti kwa mwamuna kawirikawiri kuyesa koyamba kumakhala komaliza. N'chifukwa chake bambo akangotchula za imfa, ngakhale moseka, musadikire kuti tione mawa.

Musaiwale agogo aamuna. M'mayiko ambiri gulu limene lili pa chiopsezo chachikulu kuposa onse ndi amuna okalamba. Mkazi wamwalira, ana ali kutauni, thupi likuwawa, mphamvu yolima yatha, palibenso womufunsa nzeru. Akayamba kunena kuti "ine ndangokhala chipsinjo," musayankhe ndi kuseka.

Mbali ya amayi: banja ndi kupirira

Mwana wamwamuna amauzidwa kuti asalire. Mwana wamkazi amaloledwa kulira, koma amauzidwa kuti apirire. Pachilangizo alangizi amanenetsa: banja ndi kupirira, za m'nyumba sizituluka. Mawuwa ali ndi malo ake, koma akhala chingwe chomangira amayi ambiri m'nyumba zimene akumenyedwamo.

WHO ikuti mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi anachitiridwapo nkhanza, zomenyedwa kapena zogwiriridwa, ndipo nthawi zambiri wochita nkhanzayo ndi mwamuna wake kapena chibwenzi chake. Nkhanza za m'banja ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimafikitsa amayi pa maganizo ofuna kufa. Mayi akathawira kwa makolo, akumubweza. Akapita kwa ankhoswe, akuti pirirani. Akapita kwa akulu a mpingo, akuti pempherani, gonjerani. Ndalama yoyambira moyo wina alibe, ana ali asanu. Waona zitseko zonse zatsekeka. Munthu amene akuona kuti watsekeredwa, kopita kulibe, ndiye ali pangozi. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Kumuperekeza mayi womenyedwa kumeneko ndi kupulumutsa moyo.

Chachiwiri, matenda okhumudwa aja amagwira akazi ambiri kuposa amuna, pafupifupi akazi atatu pa amuna awiri aliwonse. Nthawi ya mimba ndi miyezi yotsatira kubereka ndi yofunika kuiyang'anitsitsa. WHO ikuti oposa mmodzi mwa amayi 10 aliwonse oyembekezera kapena amene angobereka kumene amadwala matendawa. Mwana wabadwa, anthu onse akusangalala, akubweretsa zitenje ndi sopo, koma mayi akungolira, sakugona ngakhale mwana atagona, akudziona ngati mayi woipa, sakumva chikondi pa khanda lake ndipo akuchita mantha kuuza munthu. Apongozi akuti ndi ulesi. Ayi, amayi, ameneyo akudwala, ndipo matendawo amachizika. Palinso mtundu wina woopsa kwambiri umene umagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 obereka. Masiku ochepa atachira, mayi amasokonezeka mutu, amalankhula zosamveka, amamva mawu amene ena sakuwamva. Ambiri timathamangira kunena kuti walodzedwa kapena ziwanda zamugwira. Mupempherereni, inde, koma mukumupempherera muli m'galimoto yopita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa moyo wake ndi wa khanda uli pachiswe.

Chachitatu ndi atsikana athu. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akazi achichepere 100 aliwonse m'Malawi, 42 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma m'midzi zikuchitikabe. Mwana wa zaka 15 ali m'nyumba ya munthu wamkulu, sukulu yatha, anzake kulibe, mawu alibe. Wina ali Fomu 2, wapezeka ndi mimba, mnyamata wakana, bambo ake analumbira kalekale kuti wotenga mimba pakhomo pano ndidzamuthamangitsa. Wina anagwiriridwa ndi wachibale, atanena anauzidwa kuti akhale chete asachititse banja manyazi. Wina zithunzi zake zamwazidwa pa WhatsApp. Makolo anzanga, mawu amene mumanena mwaukali kuti "ukadzatero usadzabwerenso pano," mwana amawasunga. Tsiku limene zamuchitikira amakhulupirira kuti munanenetsa. Muuzeni mwana wanu lero, zinthu zisanavute, kuti palibe cholakwa chimene chingamutsekere chitseko cha kwawo.

Palinso mayi wosabereka amene akunyozedwa ndi akuchimuna, pamene mwina vuto lili kwa mwamuna. Pali mayi wamasiye amene achibale a malemu amulanda nyumba ndi katundu, ngakhale lamulo la za chuma cha masiye la 2011 limaletsa zimenezi. Pali mayi amene wasamalira wodwala zaka zitatu, usiku ndi usana, popanda womupumuza.

Kuti muone kuti nkhaniyi si ya magazi a chimuna kapena a chikazi chabe, tamvani za ku China. M'zaka za m'ma 1990, kumeneko akazi odzipha ankaposa amuna, makamaka akazi achitsikana a m'midzi. Moyo wa mkazi wokwatiwa kumudzi unali wopanikizika, ndipo mankhwala oopsa a kumunda ankapezeka m'nyumba iliyonse. Atsikana ambiri atayamba kupita m'mizinda kukagwira ntchito n'kumapeza ndalama zawozawo, chiwerengero chija chinatsika kwambiri. Phunziro lake ndi lakuti mmene mudzi ukukhalira ndi amayi ake, mmene ukukhalira ndi abambo ake, ndi zimene zimakweza kapena kutsitsa imfa zimenezi. Ndiye kuti ife tikhoza kusinthapo kanthu.

Ndichenjezenso pa chinthu chimodzi. Popeza akazi ambiri amapulumuka akayesa, anthu amati, "Amangofuna kutiopseza ameneyu, amafuna timumvere chisoni." Mawu amenewo ndi oopsa. Mwa zizindikiro zonse, chimene chimalosera kwambiri kuti munthu akhoza kudzafa podzipha ndi chakuti anayesapo kale. Mtsikana amene wapulumuka lero akufunika chisamaliro chochuluka, osati chitonzo.

Muzu wake ndi umodzi

Ngakhale njira zikusiyana, mkati mwa mtima zimakakumana pamodzi. Katswiri wa ku America, Thomas Joiner, amene bambo ake omubereka anafa podzipha, anafotokoza m'buku lake la 2005 kuti munthu amayamba kulakalaka imfa pamene maganizo awiri agwirana. Loyamba: ndili ndekha, palibe amene ndili wake. Lachiwiri: ndine katundu kwa anthu anga, zingawayendere bwino ine kulibe. Bambo wa ngongole uja akuganiza zimenezo. Mtsikana wa mimba uja akuganiza zomwezo. Ndipo maganizo onse awiri ndi bodza limene ululu umanena. Funsani banja lililonse limene linataya munthu mwa njira imeneyi ngati linapepukidwa. Ana amakula ndi funso losayankhika, mkazi amadziimba mlandu mpaka kukalamba.

Dziwaninso kuti nthawi imene munthu amafika pachimake penipeni kawirikawiri imakhala yaifupi, mphindi kapena maola. Ikadutsa ali moyo, mpata ulipo. Mwa anthu 10 amene anayesa n'kupulumuka, pafupifupi 9 sadzafa podzipha. Amakhala ndi moyo, amalera ana, ena amadzathandiza anzawo. Dziko la Sri Lanka linaonetsa zimenezi poyera. Cha m'ma 1995 linali m'gulu la mayiko otsogola pa kudzipha. Boma litaletsa mankhwala a kumunda oopsa kwambiri, pofika 2015 chiwerengero chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti. Mavuto a anthu sanathe, koma chinthu choopsa chinachoka pafupi ndi dzanja pa ola loipalo, ndipo anthu anaona kucha.

Tsono tichite chiyani

Choyamba, tsegulani maso. Kwa bambo, yang'anani pamene wataya ntchito, bizinesi, banja kapena ulemu pagulu, pamene ali ndi mlandu kapena wamva za matenda aakulu. Onani ngati wayamba kudzipatula, kumwa mopitirira, kupsa mtima, kusagona. Kumbukirani Ahitofeli. Munthu akayamba mwadzidzidzi kugawa zinthu zake, kulongosola za malo ndi ziweto, kutsanzika mwachilendo, kunena kuti "mudzandisamalire anawa," dzidzimukani. Ngakhale bata lodzidzimutsa, munthu amene anali wosweka mtima lero wangoti phee ngati zonse zatha, likhoza kutanthauza kuti wamanga mfundo. Kwa mayi, yang'anani pamene pali nkhanza, pamene ali woyembekezera kapena wangobereka, pamene waferedwa, pamene mtsikana wasiya kudya, kusamba ndi kucheza.

Chachiwiri, funsani mosapita m'mbali. Ambiri amaopa kuti ndikafunsa ndimupatsa maganizo. Ofufuza anaziyesa zimenezi ndipo anapeza kuti kufunsa sikumuika munthu maganizo amene analibe. Ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Mutengereni pambali. Kwa bambo nthawi zambiri zimaphweka mukamayenda limodzi kapena mukugwira ntchito limodzi, kusiyana ndi kumukhazika pabwalo la abale. Nenani, "Achimwene, ndaona masiku ano simuli bwino. Kodi maganizo ofuna kudzipha amakubwererani?" Mukatero khalani chete, mumve. Musamudule ndi ulaliki, musamuuze kuti ena akuvutika kuposa iye, musamuuze kuti limba mtima ndiwe mwamuna. Mawu amenewo ndi amene amufikitsa pamenepo.

Chachitatu, akavomera, musamusiye yekha, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Chotsani pafupi chilichonse chimene angadzipweteke nacho. Mankhwala a kumunda ndi a m'nkhokwe atsekeredwe, kiyi asunge munthu wina. Mowa usayandikire. Kenako mupite naye kuchipatala, inu mwini mumuperekeze. M'zipatala za maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God. Ana ndi achinyamata akhoza kuimba 116 mwaulere. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Ubongo ndi chiwalo ngati mtima kapena chiwindi, umadwala ndipo umachira.

Chachinayi, thandizani pa vuto lenilenilo. Ngati ndi ngongole, khalani pansi muilembe papepala, mupite limodzi kwa mwini ndalama mukapemphe kubweza pang'onopang'ono. Ngongole imene munthu amaiwerenga yekha usiku imaoneka ngati phiri, ikawerengedwa ndi anthu atatu masana imachepa. Ngati ndi nkhanza, mupezereni mayiyo pogona potetezeka. Ngati ndi mimba ya mwana wasukulu, mmodzi wa akuluakulu apite naye kwa makolo. Mutu umodzi susenza denga.

Musaganize kuti zimenezi n'za madokotala okha. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pabenchi panja pa chipatala, n'kumawathandiza kupeza njira pa vuto limodzilimodzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pabenchi ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Agogo, benchi ndi khutu lomvetsera. Ndi mudzi uti umene ulibe zimenezi? Chimene tikusowa ife ndi benchi ya abambo. Magulu a abambo m'mipingo ndi m'midzi asamangokumana pa zomanga ndi zopereka. Pakhale nthawi imene bambo anganene kuti zandivuta, osaopa kuti mawa zimveka pamsika. Ndipo akuluakulu ndinu muyambe. Mkulu mmodzi akanena poyera kuti inenso ndinafikapo pothedwa nzeru, achinyamata khumi amamasuka.

Kwa ife a mpingo ndinene mosabisa. Munthu wovutika maganizo si wochepa chikhulupiriro. Eliya, mneneri wamkulu, anafika popempha imfa m'chipululu, ndipo chithandizo choyamba chimene analandira chinali chakudya, madzi ndi tulo. Woyang'anira ndende wa ku Filipi atafuna kudzipha poganiza kuti akaidi athawa, Paulo anafuula kumuletsa n'kumutsimikizira kuti onse alipo. Anamuletsa kaye, zina zinabwera pambuyo. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Musamuuze munthu kuti ataye mankhwala a kuchipatala monga umboni wa chikhulupiriro. Ndipo banja limene laferedwa mwa njira imeneyi musalithawe. Anthu amene m'bale wawo anadzipha nawonso amakhala pa chiopsezo chachikulu. Pitani mukakhale nawo pamaliro, mubwererenso patatha mwezi, patatha miyezi itatu, pamene anthu onse abalalika. Pa 10 Sepitembala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira za kupewa kudzipha. Bwanji sabata imeneyo nkhaniyi ikambidwe m'magulu athu a abambo, a amayi ndi a achinyamata?

Tsopano ndibwerere kwa inu amene ndinakupemphani kuti musatseke wailesi. Bambo, ndikudziwa mwanyamula nokha nthawi yaitali. Mukuona ngati mukanena anthu akupeputsani. Ana anu akufuna bambo wamoyo, ngakhale wangongole, ngakhale wopanda ntchito. Mayi, mwana wanga wamkazi, zimene zakuchitikirani sizinathetse mtengo wanu, ndipo njira yotulukira ilipo ngakhale usiku uno simukuiona. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Lero lisanathe, pezani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze mawu awa: "Ndili ndi maganizo ofuna kudzipha, ndithandizeni." Ngati woyambayo sakumvetsani, uzani wachiwiri. Ngati kuli usiku, dzutsani wa m'nyumba kapena gogodani kwa oyandikana nawo, musakhale nokha mpaka kuche. Mawa mupite kuchipatala.

Ndipo inu nonse amene muli bwino, pali munthu amene wabwera m'maganizo mwanu pamene ndimalankhula. Mukumudziwa. Musadikire Lamulungu. Muimbireni foni tsopano, kapena nyamukani mukamuone.